Usiku ku wodi, Lolemba pa mayeso

Nthawi ili cha m'ma 3 koloko usiku m'wodi ya amayi pachipatala china cha boma. Magadiyani ayala zitenje pansi m'mbali mwa mabedi, ena afunda ndi kumutu komwe. Namwino wa usikuwo wathamangira kukona komwe wodwala wina wayamba kubanika, ndipo mbali yotsala ya wodiyo ili m'manja mwa mtsikana wovala yunifomu ya sukulu, yemwe ali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a unamwino.

"Anesi, diripi yatha kuno," gadiyani wina akuitana motsitsa mawu.

Botolo latsopano ndi la mamililita 1,000 ndipo adokotala alemba kuti lithe pa maola 8. Kachubu kake kamatulutsa madontho 20 pa mililita iliyonse. Maola 8 ndi mphindi 480, ndiye 1,000 kuchulukitsa ndi 20, kugawa ndi 480, yankho lake ndi madontho 42 pa mphindi. Samu imeneyi masana mtsikanayu amaithetsa asanakhale n'komwe pansi. Usiku uno waibwereza katatu kuseri kwa kapepala, ndipo poyamba anagawa ndi 8 m'malo mwa 480. Atakonza, waima pambali pa bedi, maso pa wotchi, kuwerenga madontho. Pofika dontho la 30 wapeza kuti sakukumbukira ngati wadumpha kapena ayi, ndiye wayambiranso.

Aka ndi kachitatu motsatizana akuchezera m'wodimu. M'chikwama chake muli buku la za mankhwala lomwe anabwera nalo poganiza kuti wodi ikakhala bata awerengako, koma chilowereni sanalitsegule. Mayeso ake ndi Lolemba.

Zoterezi n'zodziwika kwa aliyense amene anadutsa m'sukulu ya unamwino, ku Malawi kuno ngakhale kunja. Makolo akamva kuti mwana wawo walakwa mayeso amafunsa ngati amawerenga mokwanira, ngati ali ndi mabuku, kaya mwina wayamba zibwenzi. Ndi ochepa amene amafunsa za kapepala kokhomedwa pakhoma mu ofesi ya asisitala oyang'anira wodi, kosonyeza amene ali masana, amene ali pa naiti ndi amene ali pa ofu. Chonsecho kafukufuku wa zaka zambiri akusonyeza kuti kapepala kameneka kali ndi mphamvu pa zomwe zimatsala m'mutu mwa wophunzira.

Sukulu yomwe theka lake lili m'chipatala

Unamwino suphunziridwa pa bolodi pokha. Ku Malawi wofuna digiri amaphunzira zaka 4, monga ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, sukulu imene inatsegulidwa mu 1979. Digiri imaperekedwanso ku Mzuzu University. Anamwino ambiri amene timawapeza m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi anachita dipuloma ya zaka 3 ya unamwino ndi uzamba ku Malawi College of Health Sciences kapena m'makoleji a mipingo a pansi pa CHAM, monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa, Holy Family ku Phalombe ndi Trinity ku Muona. Onsewa akamaliza amakalembanso mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi kuti apatsidwe chilolezo chogwirira ntchito.

M'sukulu zonsezi chaka chimagawidwa pawiri. Pali masabata a m'kalasi, kenaka masabata a m'chipatala, pomwe ophunzira amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ndi Bwaila ku Lilongwe, Zomba Central, Mzuzu Central ndi zipatala za m'maboma. Wophunzira aliyense amayenda ndi buku lomwe namwino wovomerezeka amasainamo akaona kuti wachita bwino ntchito inayake: kubaya jakisoni, kutsuka bala, kuika kanyula, kuyeza mayi woyembekezera, kuchiritsa mayi. Buku likapanda kudzaza, munthu samaliza sukulu.

Pamapepala magawo awiriwa ndi osiyana, koma m'moyo wa wophunzira amalowana. Ali kuchipatala komweko amayenera kulemba nkhani ya wodwala yemwe wamusamalira, kukonzekera aphunzitsi odzamuyesa pambali pa bedi, kwa a chaka chomaliza kulemba kafukufuku wawo, ndiponso kuwerengera mayeso omwe nthawi zina amabwera atangotuluka kumene ku wodi. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma wophunzira unamwino alibe ufulu wosankha phanga limodzi.

M'zipatala zambiri za boma tsiku limagawidwa pawiri basi. A masana amayamba cha m'ma 7:30 m'mawa n'kuweruka cha m'ma 5 koloko madzulo, a usiku n'kutenga kuyambira pamenepo mpaka m'mawa. Naiti imodzi imapitirira maola 14, osawerengera nthawi yopereka ripoti kwa olowa m'mawa, yomwe imatha kudya ola lina. Manaiti anayi otsatizana ndi maola pafupifupi 58, pamene lamulo la ntchito la dziko lino la mu 2000 limati maola a ntchito pa sabata asapitirire 48 ngati palibe ovataimu. Wophunzira sali pa ntchito yolembedwa, koma thupi lake limatopa chimodzimodzi.

Naiti ili ndi phindu lake

Palibe mphunzitsi wa unamwino amene angavomere kuti naiti ichotsedwe, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Matenda sadziwa kuti kwada. Wodwala amene masana amaoneka kuti akupeza bwino amatha kusintha pakati pa usiku, madokotala ali ochepa, ndipo namwino ndiye amayamba kuona. Luso lozindikira kuti kapumidwe aka sikali bwino silipezeka m'buku.

Kwa azamba nkhani ndi yoposa pamenepa. Kafukufuku amene anatuluka mu 2018, woona ana oposa 5 miliyoni obadwa ku England pakati pa 2005 ndi 2014, anapeza kuti amayi amene matenda awayamba okha, n'kuchira popanda opaleshoni, amachira kwambiri pakati pa 1 koloko usiku ndi 7 koloko m'mawa, ndipo chiwerengero chimafika pachimake cha m'ma 4 koloko. Azamba akumudzi izi anazidziwa kale. Wophunzira amene akufuna kukwanitsa chiwerengero cha amayi oti awachiritse amadziwa kuti mwayi uli usiku, makamaka poti masana wodi imodzi imatha kudzaza ndi ophunzira ochokera m'makoleji atatu, onse kulimbirana mayi mmodzi. Ena amachita kupempha okha naiti.

Vuto lili pakuti ola lomwe ana amakonda kubadwalo ndi ola lomwenso ubongo wa munthu uli pansi kwambiri.

Thupi lili ndi wotchi yake

Mkati mwa ubongo muli kagawo kakang'ono kamene kamalandira uthenga wa kuwala kuchokera m'maso n'kumauza thupi lonse nthawi. Kukada, thupi limatulutsa homoni yotchedwa melatonin yomwe imaitana tulo. Kutentha kwa thupi kumatsika pang'onopang'ono mpaka kufika pansi penipeni m'bandakucha. Mu 2017 akatswiri atatu a ku America, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, analandira mphoto ya Nobel chifukwa chofotokoza mmene wotchi imeneyi imayendera mkati mwa maselo, atafufuza pa tintchentche ta pazipatso.

Wotchiyi ndi yamakani. Imasuntha pang'ono chabe patsiku, ola limodzi kapena awiri zikayenda bwino, ndipo dzuwa la m'mawa lomwe munthu amakumana nalo potuluka ku naiti limaibwezeranso pomwe inali. Choncho wophunzira wa manaiti anayi sazolowera. Amagwira ntchito thupi likufuna kugona, n'kukagona thupi likufuna kudzuka.

Mu 1997 akatswiri awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anayerekeza kusagona ndi kumwa mowa. Anthu 40 tsiku lina anawachezeretsa, tsiku lina anawapatsa mowa, n'kumawayesa mmene maso ndi manja awo akugwirizanirana. Munthu amene wakhala maso maola 17 ankachita ngati yemwe ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, womwe ndi malire a woyendetsa galimoto ku Australia. Pa maola 24 zinkafanana ndi 0.10 peresenti. Tsono taganizirani wophunzira wa naiti yoyamba amene wadzuka 6 koloko m'mawa, n'kuchapa, n'kupita ku laibulale, osagonako masana. Maola 17 amakwana 11 koloko usiku. Pamene akugawa mankhwala a m'mawa, 6 koloko, amakhala atakwanitsa maola 24.

Kafukufuku wina, wa Ann Rogers ndi anzake ku America mu 2004, anatsatira anamwino 393 omwe ankalemba tsiku ndi tsiku maola amene agwira komanso zolakwika zomwe achita. Amene anagwira maola 12 ndi theka kapena kuposa anali ndi mpata wolakwitsa wochuluka katatu. Amenewa anali anamwino odziwa kale ntchito, osati ophunzira.

Dengu ndi nkhokwe

Kutopa ndi mbali imodzi chabe. Mbali yomwe imakhudza kwambiri mayeso ndi ya kukumbukira. Zimene munthu waphunzira masana zimayamba zasungidwa m'gawo la ubongo lotchedwa hippocampus, lomwe tingaliyerekeze ndi dengu lokololera. Munthu akagona, ubongo umabwereza zinthuzo n'kumazikhazikitsa m'malo osungira a nthawi yaitali, monga mmene chimanga chimachokera m'dengu kupita m'nkhokwe. Amene sanagone amalowa m'munda tsiku lotsatira ndi dengu losakhuthula.

Umboni wake ndi wakale. Mu 1924 John Jenkins ndi Karl Dallenbach a ku Cornell University anaphunzitsa ophunzira awiri timawu topanda tanthauzo, ndipo anapeza kuti ankakumbukira tambiri akagona atangophunzira kusiyana ndi akakhala maso. Mu 2000 Robert Stickgold ndi anzake ku Harvard anaphunzitsa anthu ntchito yozindikira tizithunzi pa kompyuta. Amene anagona usiku wotsatira anapita patsogolo. Amene anawachezeretsa usiku woyambawo sanapite patsogolo, ngakhale atawalola kugona mokwanira masiku awiri otsatira. Tulo ta usiku woyamba titaphonyeka, phindu lake silinabwerere.

Kwa wophunzira unamwino tanthauzo lake n'loonekeratu. Usiku ku leba, mzamba wamuonetsa mmene amalembera tchati chotsatira mayi amene ali pa matenda: kumvera mtima wa mwana mphindi 30 zilizonse, kuyeza njira maola 4 aliwonse, kuzindikira pamene mzere ukuchenjeza kuti zinthu zachedwa. Phunziro limeneli ndi lamtengo wapatali, koma kuti likhazikike pakufunika tulo tokwanira m'maola otsatira. Ngati m'mawa mwake akupita m'kalasi, kapena akugona maola atatu okha n'kubwereranso ku wodi, zambiri zimatayikira m'njira.

Nanga amene amati iwo anazolowera kugona pang'ono? Mu 2003 Hans Van Dongen ndi anzake ku University of Pennsylvania anasunga anthu kwa masiku 14, ena akugona maola 8, ena 6, ena 4. A maola 6 ankatsika tsiku ndi tsiku, mpaka kumapeto ankachita ngati munthu amene sanagone usiku wathunthu umodzi kapena uwiri. Chodabwitsa n'chakuti powafunsa ankanena kuti akumva tulo pang'ono chabe. Munthu wosowa tulo sadziwa kuti watsika bwanji, ndipo n'chifukwa chake wophunzira amatha kutuluka m'mayeso akukhulupirira kuti walemba bwino.

Ku MIT ku America, ophunzira 100 a kalasi ina ya chemistry anavala timawotchi ta Fitbit toyeza tulo teremu yonse, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2019. Kuchuluka kwa tulo, ubwino wake ndi kugona nthawi yofanana tsiku lililonse zinafotokoza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kusiyana kwa magiredi. Kugona bwino usiku umodzi wokha woti mawa mayeso sikunasinthe kanthu. Chomwe chinathandiza ndi tulo ta sabata ndi mwezi womwe munthu amaphunzira zinthuzo. Ophunzira amenewa sanali a unamwino ndipo sankagwira naiti, koma kugona nthawi yofanana tsiku ndi tsiku ndi chinthu choyamba chimene ndandanda ya wodi imalanda.

"Nkhosa zosokera"

Ku Malawi nkhaniyi ili ndi mbali ina. Mu 2004 boma linavomereza kuti kuchepa kwa ogwira ntchito za umoyo kwafika poipa, anamwino ambiri atapita ku Britain ndi kwina, ndipo linayambitsa ndondomeko yapadera yomwe inakweza malipiro ndi 52 peresenti komanso kuchulukitsa ophunzira m'makoleji. Ophunzira anachulukadi, koma mu 2023 bungwe la WHO linaikabe Malawi pa mndandanda wa mayiko 55 omwe ali ndi vuto lalikulu la kuchepa kwa ogwira ntchito za umoyo.

Mu 2014 Gladys Msiska, mphunzitsi wa ku Kamuzu College of Nursing, pamodzi ndi Pam Smith ndi Tonks Fawcett a ku Edinburgh, anasindikiza kafukufuku yemwe anacheza ndi ophunzira unamwino 30 a ku Malawi. Mwa mitu ikuluikulu yomwe inatuluka m'mawu a ophunzirawo panali wakuti iwo amatseka mipata ya kuchepa kwa anamwino, wakuti amaphunzira movutikira, ndi wakuti ku wodi amakhala ngati nkhosa zosokera, zopanda woziyang'anira.

Apa ndiye pagona nkhani. Asisitala olemba ndandanda ali ndi mabedi odzaza, odwala ena pansi, anamwino owerengeka, wina ali kumaliro, wina ku semina. Akaona mayina a ophunzira amaona manja owonjezera, ndipo palibe angawadzudzule. Koma ndandanda yolembedwa pofuna kutseka mipata imasiyana ndi yolembedwa pofuna kuti munthu aphunzire. Yoyambayo sifunsa kuti mayeso ali liti, sifunsa ngati usikuwo kudzakhale namwino wokhala ndi mpata wophunzitsa.

Ku Britain vuto lomweli analimbana nalo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene anasamutsira maphunziro a unamwino m'makoleji ndi m'mayunivesite. Lamulo la kumeneko limati wophunzira asawerengedwe pa chiwerengero cha antchito ofunika pa wodi, ndipo pa maola 4,600 a maphunziro onse, 2,300 ndi a m'chipatala. Ngakhale kumeneko ophunzira amadandaula kuti anamwino akachepa lamuloli limaiwalika.

Kugona masana si nkhani yapafupi

Kutuluka ku naiti sikutanthauza kugona. Akafika ku hositelo cha m'ma 9 koloko, pali yunifomu yoti achape kuti iume pofika madzulo. Anzake a m'chipinda chimodzi omwe ali pa ofu atsegula wailesi. Mu Okutobala, pansi pa malata a ku Nsanje kapena ku Salima, chipinda chimasanduka uvuni pofika 11 koloko. Nsima ya masana ili ndi nthawi yake, akaiphonya ndiye kuti agona ndi njala. Amene atumizidwa kuchipatala chakutali amachita lendi kachipinda m'makomboni, momwe ana akusewera pazenera ndipo chigayo chikulira tsiku lonse. Tulo ta masana ta ogwira usiku timaperewera maola awiri kapena kuposa poyerekeza ndi ta usiku, ngakhale pamalo abata.

Amene ali pamoto weniweni ndi anamwino omwe abwerera kusukulu kukawonjezera maphunziro. Ambiri ndi amayi ndi abambo a pabanja, ndipo ena amagwira maganyu a usiku m'zipatala kuti apeze fizi ndi ndalama ya lendi. Ku Australia, Yenna Salamonson ndi Sharon Andrew anapeza mu 2006 kuti ophunzira unamwino ogwira ntchito yolipidwa maola oposa 16 pa sabata ankapeza magiredi otsika, ngakhale ntchitoyo itakhala ya m'chipatala momwe.

Zimene zingasinthe popanda ndalama zambiri

Kuchepa kwa anamwino sikungathe mawa, koma kalembedwe ka ndandanda kakhoza kusintha sabata ino. Akatswiri a za tulo amagwirizana pa mfundo zingapo. Manaiti otsatizana akhale ochepa, awiri kapena atatu, ndipo pambuyo pake pakhale masiku opuma okwanira kuti munthu agone usiku wathunthu kawiri. Pakati pa kuweruka ndi kulowanso papite maola osachepera 11, omwe ndi malire a lamulo la mayiko a European Union. Posinthana, thupi limalolera bwino kuchoka masana kupita usiku kenaka kupuma, kusiyana ndi kutuluka naiti lero n'kulowa masana mawa.

Mfundo ina ndi yongofuna kuti sukulu ndi wodi zizilankhulana. Aphunzitsi atapereka masiku a mayeso ndi a ntchito zolemba kwa asisitala ndandanda isanalembedwe, palibe wophunzira angayesedwe pambali pa bedi atachezera. Naiti ya wophunzira iikidwenso usiku umene kuli namwino woti amuyang'anire, chifukwa maola 14 opanda womuwongolera amangomuphunzitsa kuthamanga.

Pali nkhani ya kagonedwe kakafupi, yomwe m'mawodi ambiri imaonedwa ngati ulesi. Bungwe la NASA linayesa izi pa oyendetsa ndege a maulendo aatali m'zaka za m'ma 1990. Amene anapatsidwa mphindi 40 zopuma anagona pafupifupi mphindi 26, ndipo anali tcheru kwambiri nthawi yotera kuposa anzawo omwe sanagone. Kusinthana kuti aliyense atsinzineko mphindi 20 kapena 30 pakati pa usiku, wodi ili ndi woiyang'anira, n'kosiyana ndi kugona pa ntchito.

Wophunzira payekha alinso ndi zochita. Kugonako masana asanalowe naiti yoyamba kumadula maola 24 aja. Khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimathandiza kumayambiriro kwa usiku, koma theka la caffeine limakhalabe m'thupi patatha maola pafupifupi 5, ndiye kapu ya 5 koloko m'mawa imakalanda tulo ta 10 koloko. Chitenje chakuda pazenera ndi foni yozimitsa zimathandiza kuwonjezera tulo. Ndipo buku lija limalowa bwino m'mutu munthu atadzuka masana kusiyana ndi 3 koloko usiku.

M'wodi muja kwacha. Magadiyani apinda zitenje, ena ali pamzere wa madzi otentha. Mtsikana uja waima kumbuyo kwa namwino wa usiku pamene akupereka ripoti bedi ndi bedi, ndipo diripi ya usiku ija yafika cha pa theka, monga samu inanenera. Pakhoma la mu ofesi asisitala akhoma ndandanda ya sabata ya mawa. Mtsikanayo waijambula pa foni, wakuza chithunzicho ndi zala ziwiri kufuna dzina lake, n'kuyamba kuwerenga masiku kuchokera pa naiti yomaliza kufika Lolemba.